Mmene Ndinaonongera Mipeni ya a Bauke

Febuluwale 2014

"Wazipha! Iwe, wandiphera nsapato zanga! Wakutuma ndani?"

Anakuwa choncho mkulu uja, a Bauke, atanyamula nsapato imodzi m'mwamba, mpeni wake wa kunsi ukuwala ngati watsopano. Ine ndinali kuseri kwa kauntala ya pomwe tinkabwereketsera nsapato zoyendera pa ayisi, manja ali m'thumba, ndikudikira zikomo. Sindikunama, ndinkadikiradi zikomo. Ndinali nditataya nthawi yanga yonse ya chakudya chamasana pa nsapato zimenezo.

"Bambo, musandikuwire ngati mwana," ndinatero. "Ndinayamba kalekale kunola zitsulo. Mipeni yanuyi inali yobuntha ngati supuni."

"Siinali yobuntha! Imakhala choncho! Ukudziwa komwe nsapato izi zayenda? Ukundidziwa ine?"

Mutu unali utatentha kale, ndipo mutu wanga ukatentha pakamwa sipadikira.

"Sindikukudziwani. Ndipo muno mulibe amene akukudziwani. Pitani mukafunse panjapo. Ndinu mdala wa Lachiwiri, basi."

Ndinkayembekeza kuti akuwanso. Sanakuwe. Anatsitsa nsapato ija pang'onopang'ono, anaiika pa kauntala pafupi ndi inzake, anaziwongola kuti zilingane, kenaka anavala chipewa n'kutuluka. Amayi awiri amene anali pamzere anandiyang'ana ngati ndamenya abusa. Manejala wathu, Julie, anali ataima pakhomo la ofesi yake. Anamva zonse.

Inu Tadala ndi Yamikani mumandidziwa ngati bambo wa m'galaji, amene anthu ankamubweretsera nsapato za mpikisano kuchokera ku Sheffield ndi ku Nottingham komwe. Tsopano zala zatupa, adokotala andiletsa kugwira mwala, ndipo ndapuma ntchito msanga kuposa anzanga. Munati ndilembe, ndiye ndikulemba. Ntchito ya m'galaji ija inayamba ndi tsiku limeneli, ndipo sinayambe mwaulemu. Koma kuti mumvetse chomwe chinandigwiritsa katundu wa munthu osatumidwa, ndiyambire ku Thyolo.

1988 mpaka 2009, ku Thyolo

Nditalemba mayeso a Folomu 4, amalume anandipezera malo pa wekishopu ya esiteti ina ya tiyi. Ndinkaganiza kuti ndi satifiketi yanga andipatsa tebulo ndi cholembera. Anandipatsa ovolosi, n'kundipereka m'manja mwa a Makwinja, mkulu wamfupi wa ku Phalombe amene sankatha kulemba dzina lake koma ankamva kubuntha kwa mpeni ndi khutu, munthu akudula chitsamba patali. Nyengo yodulira tiyi ikafika, mipeni inkabwera yodzaza wilibala, ndipo ife awiri tinkanola kuyambira m'mawa mpaka belu. Panali zaka zina miyala yonolera ya kunja inasiya kubwera. Akuluakulu ankangoti tipirire. A Makwinja sanapirire. Ananditenga kumtsinje, tinakhala tsiku lonse tikutola miyala, iwo akuinyambita ndi kuikhuza pa dzino, ndipo pa miyala makumi angapo anasankhapo itatu yokha. Umodzi mwa itatuyo anandipatsa tsiku lomwe ankapuma ntchito.

Akamaliza kunola, a Makwinja sankayesera pa pepala kapena pa ubweya wa pamkono ngati ena. Ankagoneka chikhadabo cha chala chachikulu pa mpeni n'kuchikoka pang'ono cham'mbali. Chikhadabo chikapalika, kafumbi koyera n'kutsala pa chitsulo, ndiye kuti ntchito yatha. Zikhadabo zawo zinali zodyekadyeka ngati za munthu wodwala. Zanganso zinakhala choncho, ndipo amayi anu ankadandaula nazo tili pachibwenzi.

Lamulo lawo linali limodzi. Munthu wamkulu akasiya chikwanje kapena nkhwangwa pakhomo la wekishopu, kaya wangotsamiritsa kuti akamwe madzi, iwe unole. Usafunse. "Ukamufunsa akuuza kuti zili bwino, chifukwa akuopa kuti umulipiritsa," ankatero. "Nola, ubwezere pomwepo, ukhale ngati sukudziwa kanthu. Akaona yekha kumunda." Ndinachita zimenezi zaka makumi awiri ndipo palibe anadandaulapo. Ena ankabwera mawa lake ndi nthochi. Ine ndinakula ndikudziwa kuti umenewo ndiwo ulemu.

Mkwiyo wokha sindinauphunzire kwa a Makwinja, ndinabadwa nawo. Chaka china ndinagenda folomani ndi sipanala chifukwa ananena kuti mipeni yanga ikutha msanga. Ndinamuphonya, koma udindo woyang'anira wekishopu nawonso unandiphonya, unapita kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndine kugwira tupa.

2010 mpaka 2012, Leeds ndi Wakefield

Amayi anu anatsogola kuno kudzagwira unamwino, ife atatu tinatsatira mu 2010. Mwala wa a Makwinja ndinaukulunga mu sokosi. Pabwalo la ndege anandifunsa kuti ndi wa chiyani, ndinati ndi wa ntchito, anaseka n'kundibwezera.

Kuno ntchito ya mwala kunalibe. Mpeni ukabuntha amautaya n'kugula wina. Ndinalowa ntchito ya m'nyumba yosungiramo katundu ku Wakefield, kudzuka kukadali mdima kukakwera sitima ku Leeds, n'kumayenda tsiku lonse ndi kamakina pamkono kondiuza kuti ndikuchedwa. Supavayiza wathu anali msinkhu wa mwana wa mchemwali wanga. Ankandiitana ndi dzina loyamba, Lyson, zomwe ndinazolowera movutikira, koma tsiku lina anandiitana pothyola zala ngati akuitana galu. Zomwe ndinamuuza sindilemba pano. Ndinatha miyezi isanu ndi inayi.

Kenaka ndinapeza ya kukhitchini ya nyumba ina yosamalira okalamba. Ntchito yanga inali kutsuka mbale. Sabata yachitatu ndinaona mmene mayi wophika ankavutikira kudula nyama, ndiye tsiku lina iye atapita kukapuma ndinanola mipeni yonse ya m'khitchinimo n'kuibwezera m'malo mwake osanena kanthu. Atabwerako anagwira mpeni mmene ankagwirira wobuntha, ndipo anakasokedwa chala kuchipatala. Anandifunsa chifukwa chomwe sindinamuuzire. Ine ndinati munthu amene sadziwa kugwira mpeni wakuthwa asamadzitche wophika. Nayonso inathera pomwepo. Munthu wanzeru akanaphunzirapo kanthu. Ine ndinaphunzirapo kuti Azungu ndi osayamika.

2012, Middlesbrough

Amayi anu atasamukira ku chipatala cha ku Middlesbrough, m'bale wina wa kutchalitchi anandiuza kuti pa bwalo la ayisi la tauni yoyandikana nayo akufuna munthu wosesa ndi wobwereketsa nsapato. Ndinali ndisanapondepo pa ayisi, ndipo mpaka lero sindinapondepo ndi nsapato zimenezo. Ine si wopenga. Julie ananditenga chifukwa anthu ena sankafuna kuzizira. Koma sabata yoyamba yomwe ndinaona kuseri kwa mashelefu makina onolera atafunditsidwa nsanza. Amene ankawagwiritsa ntchito anali atasiya, ndipo nsapato zobwereketsa mazanamazana zinali zobuntha, ana akungogwa. Ndinapempha kuti ndiyese. Pofika Khirisimasi ndinali nditanola zonse, ndipo anyamata osewera hoke ya pa ayisi anayamba kubweretsa zawo n'kumati azinola Lyson basi, osati wina.

Apa mvetserani, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Mpeni wa nsapato wamba ya pa ayisi ndi wokhuthala, ndipo makina amaukumba kangalande pakati, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kuti ukhale ndi milomo iwiri yoluma ayisi. Kangalandeko kakafufutika, kunsi n'kukhala kosalala, ndiye kuti mpeni wabuntha. Ndinaphunzira zimenezo, ndinazidziwa bwino, ndipo ndinkaganiza kuti ndadziwa zonse.

Inali ntchito yoyamba m'dziko lino imene ndinkapitako mtima uli m'malo. Koma pakamwa panali pomwepaja. Chenjezo loyamba ndinalandira nditakangana ndi bambo wina amene anandiponyera nsapato zonyowa pa kauntala. Chenjezo lachiwiri, lomwe pamwamba pake analembapo kuti ndi lomaliza, linabwera kumapeto kwa 2013, nditagwira pakolala munthu amene anandinena za khungu. Amayi anu anawerenga kalatayo ataima, yunifolomu asanavule.

"Bambo a Tadala, ntchito iyi ndi yachitatu," anatero. "Ine ndimatukwanidwa pa wodi sabata iliyonse ndipo sindinagwirepo munthu pakolala. Mukachotsedwanso, mubwerere ku Thyolo. Tikiti ndigula ndine. Sindikuseka."

Amayi anu mukuwadziwa. Sankaseka.

2013, mdala wa Lachiwiri

A Bauke ankabwera Lachiwiri lililonse m'mawa, nthawi ya anthu opuma ntchito, pamene bwalo limakhala ndi anthu osakwana khumi. Anali wamtali, wowerama pang'ono, wa zaka za m'ma sikisite, wa ntchafu zazikulu zosagwirizana ndi thupi lake. Anali wa ku Holland. Ine mawu oti Mdachi ndinkawadziwira kwa agogo, ponena za amishoni akale, ndiye poyamba ndinkawapatsa ulemu wa abusa. Anakwatira mayi wa kuno, anagwira ntchito yogulitsa mapampu a madzi, mayiyo anamwalira, iwo anatsala m'nyumbamo okha.

Nsapato zawo sizinali ngati za ena. Zinali zachikopa chakuda chofewa, zolekeza pa kakolo, ndipo mipeni yake inali yayitali ngati mkono wanga kuchokera pachigongono kufika kuzala, yopyapyala ngati mpeni wa buledi. Malamulo sankalola mipeni yotere pakati pa anthu, koma Julie anawalola Lachiwiri lokha chifukwa kunalibe ana. Ankalowa pabwalo, kuika manja kumbuyo, kuwerama, n'kumazungulira. Osathamanga, osalumpha, osavina ngati ena aja. Kukankha kamodzi kokha anali atafika pakati pa bwalo, kachiwiri ali kale pokhota. Anandiuza kuti kwawo mabwalo ake ndi aakulu ngati othamangirapo anthu, ndipo kuti pa lathuli ankamva ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo. Atsikana ogulitsa tiyi ankawatcha mdala wa Lachiwiri, nanenso ndinatengera.

Tsiku lina kunabwera amuna awiri a pa sitima ya pamadzi imene inaima padoko, Adachi anzawo, ofuna kungotaya nthawi. Mmodzi anaima pampanda, anayang'anitsitsa, anagwira mnzake pamkono. Anadikira mpaka a Bauke atatuluka, kenaka anavula zipewa, amuna akuluakulu a ndevu, n'kuyamba kulankhula chilankhulo chawo chokhala ngati munthu akutsuka kukhosi. Anajambulitsa nawo. A Bauke anachita manyazi, ankangoyang'ana pansi. Pobweza nsapato, mmodzi anandiuza kuti, "Mukudziwa amene muli naye muno? Bambo anga ankatseka shopu kuti akamuonere pa wailesi yakanema. Kwathu ameneyu sangagule buledi osaimitsidwa." Nditamuuza Julie, anangoti, "Bola asadule munthu mwendo."

Sabata yotsatira ndinawafunsa.

"Akuti munali katswiri?"

"Ndinkathamanga."

"Munkapambana?"

"Kwathu, nthawi zina. Pa mipikisano ya mayiko, kawirikawiri wachinayi, wachisanu. Kamodzi wachitatu. Nthawi yanga kunali munthu wina amene ankatimeza tonse. Dzina lake ana amalidziwa mpaka lero. Ine amandikumbukira ndi okalamba ndi madalaivala a malole."

"Nanga wachinayi amalandira chiyani?"

"Chimfine," anatero.

Tinaseka. Koma mumtima ndinati, wachinayi ndi wachinayi basi. Ku Thyolo timu ikakhala yachinayi sitiyimbira nyimbo.

Febuluwale 2014, zomwe ndinachita

Chikopa cha nsapato yawo ya kumanzere chinasomphoka pafupi ndi chidendene. Ndinawauza kuti ndikhoza kusoka, chifukwa ndinali ndi chisongole ndi ulusi wa phula. Anazengereza, kenaka anazisiya, analemba dzina ndi adiresi pa kakhadi, anati adzazitenga Lachiwiri linalo. "Kusoka kokha," sanatero. Akanatero mwina bwenzi nkhaniyi palibe. Koma sananenenso kuti ndinole. Zimenezi ndikufuna zimveke.

Nditasoka ndinatembenuza nsapato n'kuona kunsi. Kosalala. Kangalande kalibe ngakhale pang'ono. Ndinamva chisoni. Ndinati taonani mdalayu, akuyenda pa zitsulo zakufa chifukwa choumira, kapena chifukwa chochita manyazi kupempha. Mawu a a Makwinja anabwera okha. Mipeniyo inali yayitali kuposa chopanira cha makina, ndiye ndinaidutsitsa kawiri, theka loyamba kenaka theka linalo. Chitsulo chinali chopyapyala, chinatentha msanga, kumapeto kwa umodzi kunasanduka kobiriwira. Ndinapukuta, ndinati sizioneka. Ndinakumba kangalande kokongola kwabasi.

Zomwe sindinkadziwa ndi izi. Mipeni ya mpikisano wothamanga siikumbidwa. Imanoledwa yosalala, pamanja, yonse iwiri pamodzi itapanidwa mozondoka, mwala umodzi ukudutsa pa yonse. Ndiponso siikhala yowongoka mmene imaonekera. Ili ndi kupindika kochepa kwambiri kosaoneka ndi maso, komwe mwini wake amakusamala zaka ndi zaka chifukwa ndi komwe kumamukhotetsa pakona. Makina anga anadya zonsezo pa nthawi ya chakudya chamasana imodzi. Zotsatira zake mwaziwerenga kale.

A Bauke atatuluka, Julie anandiitanira mu ofesi. Sindimunenera zoipa, ankandifunira zabwino mwa njira yake.

"Khala pansi, Lyson. Akadandaula ku likulu, ndipo adandaula, andifunsa zinthu ziwiri. Kukuwa ndinganene kuti anayamba ndi iye, ndipo ndi zoona. Koma akamva kuti unagwira katundu wa kasitomala osauzidwa, chenjezo lomaliza lili kale m'fayilo, ine sindingakupulumutse. Anakuuza kuti unole?"

"Ayi."

"Sindinamve. Panali wina pamene ankakusiyira nsapatozo?"

"Panalibe."

Anatembenukira ku kompyuta, analemba, anatulutsa pepala. Linkanena kuti kasitomala anapempha yekha kuti nsapato zinoledwe, kuti ine ndinamuchenjeza kuti makina athu si a mipeni yotere, koma iye anaumirira. Pansi panali mzere wa dzina langa.

"Nanga iwowo ziwathera bwanji?" ndinafunsa.

"A ku likulu akangomva za mipeni yayitali, ailetsa. Anayenera kuiletsa kalekale, ndinkangomumvera chisoni. Iwe ganiza za ana ako. Nsapato zobwereketsa zija andinolera ndani ukachoka? Pita nalo, usayine, ubwere nalo mawa m'mawa."

Ndinalipinda n'kuliika m'thumba. Ndikanama ndikati ndinanyansidwa nalo. M'basi ndinaliwerenga kawiri ndipo ndinaona kuti lalembedwa bwino.

Amayi anu anafika kuchokera ku shifiti ya masana inu muli ku kwaya. Ndinadikira kuti adye, kenaka ndinawafotokozera n'kuwapatsa pepala. Anawerenga mpaka pansi.

"Anakutumani?"

"Ayi."

"Munawachenjeza?"

"Ayi."

"Ndiye mwandipatsiranji ine pepalali? Mukufuna ndikuthandizeni kunama, kapena mukufuna ndikuletseni kuti mudzanene kuti ntchito ndinakutayitsani ndine?"

"Munanena za tikiti."

"Ndinanena, ndipo sindikubweza. Ndatopa, bambo a Tadala. Mpeni wa munthu ukabuntha, inu chikukupwetekani n'chiyani? Wophika uja simunaphunzirepo? Kuno si ku esiteti. Kuno ngakhale wodwala ali chikomokere timayamba tafunsa abale ake tisanamumete ndevu."

Anatenga foni, anakopera dzina lonse la a Bauke kuchokera papepala paja, ndipo sipanatenge nthawi. Panatuluka kanema wakale, wa mitundu yofwifwa. Bwalo lalikulu la panja, anthu odzaza mpaka pamwamba, zipewa zaubweya, malipenga, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Wolengeza ankatchula dzina lawo mobwerezabwereza. Zimenezo sizinandigwire kwenikweni. Khamu ndaliwonapo ku mpira. Chomwe chinandigwira chinali mpikisano usanayambe. Kamera inaonetsa mnyamata wa tsitsi lalitali atakhala pa benchi yekha, nsapato ili pamwendo, yachikopa chakuda, yolekeza pa kakolo. Sankayang'ana khamu. Anagoneka chikhadabo cha chala chachikulu pa mpeni n'kuchikoka cham'mbali. Anayang'ana chikhadabocho. Anasuntha pang'ono n'kuchitanso, mpaka kumapeto kwa mpeni.

"Bwezani pamenepo," ndinatero.

Anabweza. Ndinawauza kuti abwezenso.

Ndinali nditaganiza kuti ndikuthandiza mdala wosadziwa kusamala zitsulo zake. Koma munthuyo anali wa ntchito yathu. Mipeni imene ndinaiika pa makina inali itanoledwa ndi dzanja lake zaka makumi anayi, ndipo ine ndinaiyang'ana osaona kuti yadutsa m'manja mwa mmisiri. A Makwinja akanandimenya khofi, ndipo akanalondola.

Tinaonera mpaka kumapeto. Anamaliza wachinayi. Anagwira mawondo, akutsetsereka, akupuma ngati afa, ndipo khamu lonse lija linaimirira n'kumuyimbira.

"Mdala wa Lachiwiri," anatero amayi anu, n'kuzimitsa foni. Anatenga mbale kupita nazo ku sinki. Ali chotembenuka anati, "Za tikiti tikambirana. Za pepalalo musandifunsenso."

Tikiti ija sinagulidwe mpaka lero. Koma tsiku limenelo ine sindinkadziwa kuti sidzagulidwa.

Mawa lake

Ndinafika ku bwalo zitseko zisanatsegulidwe. Julie anali akuvula jekete. Ndinamuikira pepala lake patebulo losasayina, pamwamba pake ndinaikapo langa, lolemba pamanja, la mizere itatu. Linkati kasitomala anandisiyira nsapato kuti ndisoke basi, ndinazinola osauzidwa ndipo ndinaziononga, ndinamunyozanso pamaso pa anthu.

"Ukudziwa chomwe chichitike ndikatumiza ili?" anafunsa.

"Ndikudziwa."

"Ndiwe wamakani, Lyson."

"Anthu amatero."

Ndinachotsa makiyi a chipinda cha makina pa lamba n'kuwaika pomwepo. Ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti polembera a ku likulu asatchule za kutalika kwa mipeni, chifukwa mipeniyo sinalakwe kanthu. Anati ayesa. Ndinatenga nsapato zija pa shelefu, ndinati ndikapereka ndekha kwa mwini wake.

Adiresi inali pa kakhadi. Ndinakwera mabasi awiri, nsapato zili pamiyendo, mwala wa a Makwinja uli m'thumba la jekete. Inali nyumba yaing'ono ya njerwa zofiira, njinga yakuda itatsamira pakhoma. Ndinagogoda. Anatsegula atavala juzi yobowoka pachigongono, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wabwera kudzamalizitsa?"

"Ndabwera kudzapepesa, bambo. Pa mipeni, ndi pa zomwe ndinanena. Ndiponso ndikufuna mundionetse mmene imanoledwera."

Analandira nsapato imodzi, anaitembenuza, anatseka diso limodzi n'kuyang'ana motsatira mpeni. Anapukusa mutu.

"Kuchotsa ngalande imeneyi pamanja ndi ntchito ya masiku ambiri. Kubwezera kupindika kwake ndi masiku enanso. Ndipo pomwe wapsereza apa sipadzabwereranso."

"Masiku ndili nawo. Ntchito yatha lero."

"Akuchotsa? Ine sindinadandaule kwa aliyense."

"Ndadzinenera ndekha."

Ndinatulutsa mwala n'kuwapatsa. Anauyeza m'dzanja, anausisita ndi chala, kenaka maso awo anagwera pa dzanja langa. Anandigwira chala chachikulu osapempha, anachitembenuzira kowala, anaona chikhadabo changa chodyeka. Anaonetsa chawo pambali pake. Zinali zofanana.

"Mwalawu ndi wabwino, koma ndi waung'ono," anatero. "Uyenera kugona pa mipeni yonse iwiri nthawi imodzi. Tigwiritsa wanga. Wakowu tichotsera nyenyeswa za m'mbali. Pukuta mapazi."

Pansi pa masitepe anatulutsa chopanira chamatabwa, chakuda ndi mafuta a zaka zambiri. Anachiika pa tebulo la kukhitchini, anayala nyuzipepala, anapana nsapato zonse ziwiri mozondoka, anadonthezera mafuta pa mwala wawo waukulu n'kundipatsa. Ndinavula jekete, ndinapinda malaya, ndinagoneka mwala pa mipeni. Manja ankadziwa kale chochita, ankafuna kungoyamba. Ndinawaimitsa kaye manjawo.

"Ndiyambe?" ndinafunsa.